Mwana wanga amandiuza kuti ndidule foni

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 58 ndipo ndimasoka zovala pakhonde la golosale ina. Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi. Ndi namwino, akugwira ntchito kunja kwa dziko chaka chachitatu tsopano. Amandiimbira foni Loweruka lililonse masana, saphonya. Timacheza bwinobwino, koma pomaliza amanena mawu amene akundidya mumtima: "Amayi, hang up."

Poyamba ndinkangoti eya, osadziwa kanthu. Kenako ndinafunsa mphunzitsi wina amene ndimamusokera masiketi, ndipo anati akundiuza kuti ndidule foni.  Aphungu, ine mwanayu ndinamulera pomuphunzitsa kuti mlendo sathamangitsidwa, amatsanzika yekha ndipo umamuperekeza mpaka pamsewu. Lero ine mayi wake weniweni akundipirikitsa, m'Chingerezi!

Tsiku lina ndinati ndione. Atanena mawu akewo sindinadule, ndinangoika foni pambali pa mashini n'kupitiriza kusoka diresi. Nditamaliza mpendero wonse ndinapeza foni ikadali yoyaka, iye ali phee. Ndinati, "Iwe, ukadalipo?" Anaseka n'kunena kuti, "Ndimamvetsera mashini, amayi." Ine ndinaona ngati akundiyesa choseweretsa.

Masabata awiri apitawa sindinayankhe foni yake. Ikalira ndimangoiyang'ana mpaka isiye, kenako ndimasoka mokhotakhota tsiku lonse, n'kumachita kusomola. Kodi mwanayu ndamutaya?

N. K., wa kuseri kwa msika

Mayi N. K.,

Mtima ukhale m'malo, mwana simunamutaye. Amene watsala pang'ono kutaya mnzake pano ndi inuyo.

Mphunzitsi uja sananame, koma anakupatsani theka lokha la nkhani. Mawuwa ndi akale kuposa inu ndi ine. Mafoni oyambirira ankakhomedwa pakhoma, ndipo kachipangizo koika kukhutu kankakolekedwa pa kangowe. "Hang" ndiko kukoleka. Munthu akamaliza kulankhula ankakoleka kachipangizoko, laini n'kuduka. Ngowe zinatha, mafoni analowa m'thumba, koma mawu aja anatsala. Mulibe mwano mmenemo, anthu amawanena tsiku ndi tsiku ngati mmene ife timanenera kuti dulani. Mwano ndi "hang up on someone", kumudulira munthu foni akadali pakati pa mawu. Kodi mwana wanu anakuchitanipo zimenezi? M'kalata yanu sindinazionemo.

Tsono tiyeni ku mwambo wanu woperekeza alendo uja. Pafoni palibe msewu, mayi. Mmodzi ayenera kuyamba kutseka chitseko, ndipo mwanayu akukana kuchitseka mayi ake akadali pakhomo. N'chifukwa chake akukusiyirani inu. Zimene munamuphunzitsa zija akuzichita ndithu, kungoti mwazikana chifukwa zabwera zitavala Chingerezi.

Ndipo ndikufunseni: munthu amene watopa nanu angakhale chete mpendero wonse akumvetsera mashini? Ndikukhulupirira kuti mwanayu anakulira pansi pa mashini amenewo, akutola tizidutswa ta nsalu. Wakusowani, mayi, nkhani ndi yomweyo.

Musadikire Loweruka. Muimbireni lero, kapena mutumizireni uthenga kuti aimbe akaweruka. Muuzeni zoona, kuti mawu aja ankakupwetekani ndipo munakwiya. Kupepesa mwana sikuchotsa umayi. Kenako gwirizanani mawu anuanu otsanzikirana, a Chichewa, oti onse awiri muziwamva kukoma. Ndipo mukadzakumananso ndi mawu ena achilendo, mufunseni mwini wakeyo musanapite nawo kwa makasitomala.

Chenjezo langa ndi ili: musamulange mwana amene ali kutali pokhala chete. Inu mukudziwa kuti mwangokwiya, koma iye sakudziwa. Ndi namwino, ndipo foni ikalira osayankhidwa maganizo ake amathamangira ku matenda. Masabata awiri ndi ambiri kwa munthu amene sangakwere basi kudzakuonani.

Akadzaiwala n'kunenanso kuti "hang up", musafulumire kudula. Ikani foni pambali pa mashini, sankhani diresi ya mpendero wautali, muyambe kuponda.

Aphungu