Amayi akwathu akuthawa chipatala chifukwa cha ine

Aphungu,

Ndine mnyamata wa kuno ku Mangochi, ndipo ndili chaka chachitatu kusukulu ya ukachenjede komwe ndikuphunzira unamwino ndi uzamba. Maina amene nditchule m'kalata ino ndasintha, chifukwa kwathu kuno ukatsokomola kumsika, pofika kumzikiti anthu amakhala atamva kale kuti uli ndi chifuwa chachikulu.

Sukulu yathu imatitumiza m'zipatala kukaphunzira ntchito ndi manja. Teremu ino ndi ya uzamba, ndipo kuti munthu akhoze ayenera kuchiritsa yekha amayi angapo, anamwino akumuyang'anira. Kuonerera kokha sikuwerengedwa. Pogawa malo, anzanga ankalimbirana zipatala zikuluzikulu za m'tauni, koma ine ndinadziona wochenjera. Ndinapempha kuti anditumize pa kachipatala ka kwathu, chakufupi ndi kwa Mponda. Ndinkati Chiyao ndi changa, anthu amandidziwa, ndizigona kwa mayi, ndizidya zakwathu. Aphunzitsi anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Watsimikiza?" Ine ndinangoseka.

Masiku oyamba zinayenda. Kusikelo amayi anandilandira ndi nthungululu, ati mwana wa Abiti Dinala wabwera ndi yunifolomu yoyera. Kuwayeza kuthamanga kwa magazi, kuwakweza pasikelo, kuwagawira mankhwala owonjezera magazi, zonsezo ankalola, ena mpaka kumandibweretsera mango. Kenaka kunabwera mayi wina wochokera kumapiri, cha ku Namwera, amene matenda anamuyambira akucheza kwa abale. Sankandidziwa. Asisita oyang'anira chipatalachi atamufunsa ngati angalole kuti ndimuthandize, anati, "Aliyense, bola mwanayu atuluke." Ndinamuchiritsa bwinobwino, mwana wamkazi. Chimwemwe chimene ndinali nacho podula mchombo sindingathe kuchifotokoza.

Masana a tsiku limenelo kunyumba kunabwera amjomba anga a Atumani, alongo awo a mayi, ndipo tinkadyera mbale imodzi monga mwa nthawi zonse, mpunga ndi utaka. Chimwemwe chitandipitirira ndinangoti, "Amjomba, lero ndalandira mwana ndi manja angawa." Anasiya kutafuna. Anayang'ana dzanja langa lili m'mbale, n'kutulutsamo lawo, n'kusamba. Atatero anati, "Wallahi, ife timayesa ukuphunzira kubaya jakisoni. Kani iwe umalowa m'chikuta?" Mayi anali chiimire pakhomo la khitchini. Kuyambira tsiku limenelo chakudya changa chimabwera m'mbale yangayanga, ndipo ndimadyera kuchipinda ndekha.

Nkhaniyo inayenda msanga. Anzanga amene ndinakula nawo, amene tinkakokera limodzi khoka tili ana, tsopano akandiona kudoko amakuwa kuti, "Azamba afika, bisani akazi!" Ndimaseka nawo kuti ndisaoneke wopepera, koma pa bawo sandiitananso. Kumzikiti Lachisanu, tsiku la Ijumaa, palibe amene wandithamangitsa, kungoti mapemphero a swala akatha anthu amandipatsa nsonga za zala n'kuthamangira nsapato zawo. Kusukulu kuja n'kutali ndi kwathu, koma sindinasungulumwepo ngati mmene ndikusungulumwira m'mudzi umene ndinabadwira.

Kuchipatala nako zinasintha. Mayi woyembekezera akangomva kuti m'chipinda chochilira muli mwana wa Abiti Dinala, amafunda chitenje n'kunena kuti, "Ngwamba," ndiye kuti ayi. Mayi wina wachikulire amene anaperekeza mwana wake anandiuza pamaso kuti, "Iwe ndinkakusambitsa ndine uli khanda. Lero uone mwana wanga, nanga mawa tikakumana panjira tipatsana moni bwanji?" Ndiye ndimatuluka n'kumakapinda thonje ndi mabandeji m'chipinda china, ndikumva kulira kwa makanda amene atsikana awiri a m'kalasi mwanga, amene anatumizidwa nane kuno, akulandira. Iwo atsala pang'ono kukwanitsa chiwerengero chimene sukulu imafuna, ine ndidakali pa mwana mmodzi yemwe uja. Tikaweruka amabwerera kunyumba yawo ya lendi akuseka nkhani zimene ine sindingalowererepo.

Namwino wina wamkulu, pondimvera chisoni, anandikokera pambali n'kunena kuti, "Vuto lako umapempha. Uzidikira matenda afike pampondachimera, uzingolowa. Nthawi imeneyo mayi sasankha." Sindinachitepo, koma ndisaname, tsiku lililonse ndimaziganizira, chifukwa ndikalephera teremu ino ndibwereza chaka.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi china. Msuweni wanga Wadi, mwana wa amjomba omwewo, ali ndi mkazi dzina lake Shakila. Ali ndi pathupi poyamba ndipo masiku ake ayandikira. Sabata yatha kusikelo ndinamuyeza ndine, magazi ake ankathamanga kwambiri, mapazi atatupa. Asisita anamupatsa mankhwala n'kumuuza kuti abwere kuchidikiro, nyumba imene amayi amadikirirako tsiku lawo pafupi ndi chipatala, kuti azimuona tsiku ndi tsiku. Mpaka lero sanabwere.

Ndinamulondola Wadi kudoko, ndinamupeza akusoka ukonde. Asanayankhe ndi moni womwe anati, "Mkazi wanga sabwera kumeneko iwe uli komweko. Amayi ake apeza kale mayi wina woti adzamuthandize kunyumba. Ukachoka, abwera." Ndinamulonjeza kuti sindidzalowa m'chipinda chochilira, koma iye anati, "Munthu wokamba za m'chikuta pa mbale ndimukhulupirire bwanji?" Anapitiriza kusoka ngati palibe munthu waima pamenepo. Ndamvanso kuti pali amayi ena amene achilira kunyumba mwezi uno pa chifukwa chomwechi.

Aphungu, ntchitoyi ndimaikonda ndi mtima wonse. Ndinabwera kwathu kuti ndithandize anthu akwathu, lero ndine amene ndikuwatsekera chitseko cha chipatala. Ndilibe woti ndikambe naye. Mayi anga amangoti pirira, anzanga a kusukulu ndikuchita nawo manyazi poti ndinkadzitama kuti ndasankha bwino. Kodi ndingoisiya sukuluyi ndikalowe m'boti ngati anzanga? Kapena ndilimbe mtima ndikhale mpaka anthu azolowere? Nanga Shakila zikamuvuta kunyumba, ndidzamuyang'ana bwanji Wadi kumaso?

S.J., Mangochi

Mwana wanga S.J.,

Yankho ili ndakutumizira pafoni tsiku lomwe kalata yako yafika, chifukwa nkhani ya Shakila siyodikira kuti nyuzipepala ituluke. Ndaliikanso pano kuti ena amene ali ngati iwe amve nawo.

Tiyambe ndi chofulumira, za digiri tikamba pambuyo. Ndafunsa mnzanga amene wakhala mzamba zaka zambiri, ndipo sanazungulire. Akuti mayi wa pathupi poyamba amene magazi akuthamanga, mapazi atatupa, si wochilira kunyumba, ngakhale womuthandizayo akhale wodziwa chotani. Akhoza kuyamba kukomoka mwadzidzidzi, mayi ndi mwana onse n'kukhala pachiswe, ndipo mwina ngakhale kachipatala kanuko kadzafunika kumutumiza ku chipatala chachikulu. Choncho lero lomwe pita kwa asisita ukawauze zonse zimene Wadi ananena, usachotsepo kanthu. Apite okha kapena atume mlangizi wa zaumoyo wamkazi, akakambe ndi Shakila mwini wake pamodzi ndi mayi ake. M'kalata yako yonse ndamva mawu a Wadi, a amjomba ako, a namwino uja, koma a Shakila sindinawamve, pamene thupi ndi lake. Mwina iye akufuna kubwera, akungosowa womufunsa.

Uthenga umene asisita atenge ukhale womveka: iwe sudzamuyezanso, sudzalowa m'chipinda chimene iye ali, ndipo nkhani yake sidzadutsa m'manja mwako. Lonjezo limeneli lichokere pakamwa pawo. Pakamwa pako pakadali pano anthu sakupakhulupirira, ndipo usawadabwe.

Tsopano ndikukoke khutu pang'ono. Amayi akwanuwo sakudana nawe, ndipo si mbuli. Ine mwana wanga wachiwiri anandichiritsa ndi mzamba wamwamuna, waulemu, wodekha, ndipo ndimamuthokoza mpaka lero. Koma akanakhala mwana wa aneba anga amene ndinkamutuma mchere, nanenso ndikanafunda chitenje. Unawerengera chilankhulo ndi mpunga wa mayi ako, n'kuiwala kuti pa ntchito imeneyi kudziwika kwambiri kumatchinga. Mayi ali ndi ufulu wokana, ndipo kusukulu kwanuko anakuphunzitsani zimenezo musanagwire ngakhale thonje.

N'chifukwa chake malangizo a namwino uja uwataye kutali. Mayi amene ali pa ululu akakhala chete sanavomere, wangosowa mphamvu zokanira. Akadzapeza bwino adzakumbukira amene analowa, adzauza achemwali ake, ndipo amene adzathawe chipatala adzachuluka kuposa lero. Dzina la wophunzira likaipa pa nkhani ngati imeneyi silitsukika msanga.

Za pa mbale zija unapsa nazo wekha. Ndikumvetsa, unali ndi chimwemwe, ndipo unayenera kukhala nacho, chifukwa unagwira ntchito yabwino. Koma iwe wakulira komweko, ukudziwa kuti za m'chikuta amuna sakamba, makamaka dzanja lili m'chakudya. Namwino amasiya za kuntchito pachipata cha chipatala, ngakhale asatchule dzina la munthu. Tenga munthu wamkulu amene amjomba ako amamulemekeza, kaya ndi ashehe kaya wachibale, ukapepese. Ukapepese za pakamwa, osati za ntchito, chifukwa ntchitoyo ilibe chochititsa manyazi. Ndipo usakayambe kuwaphunzitsa za magolovesi ndi sopo, limenelo si tsiku lake.

Ukatero, imbira aphunzitsi ako sabata ino. Uwauze zoona popanda kukometsa, upemphe kuti akusamutsire ku chipatala china kumene suli mwana wa Abiti aliyense. Si iwe mnyamata woyamba kukumana ndi zimenezi, ndipo sindikukhulupirira kuti adzadabwa. Kusamukako si kuthawa. Ngati kuchedwetse maphunziro ako, kuchedwetse, chaka chobwereza chimapweteka koma chimatha. Za kukhala mpaka anthu azolowere, ayi. Anthu amazolowera m'zaka, pamene amayi amene ali ndi pakati lero achira m'masabata akubwerawa. Za boti iwala. Nyanjayo ili ndi asodzi okwanira, ndipo munthu amene amasowa mtendere chifukwa cha mayi amene sanabwere kuchidikiro ndi amene timamufuna m'zipatala zathu.

Kusungulumwa kwako ndakumva, ndipo kwandikhudza. Kukanidwa ndi alendo n'kopepuka, kukanidwa ndi amene unkadya nawo kumalasa. Koma manyazi asakutsekere m'chipinda. Imbira anyamata anzako a m'kalasi, adzakuseka tsiku limodzi, kenaka udzamva kuti nawonso ali ndi zawo. Atsikana awiri amene uli nawowo si adani ako, apemphe uzikamwa nawo tiyi. Ndipo mayi ako akabweretsa mbale kuchipindako, apemphe akhale nawe pang'ono. Mwina nawonso akusowa poyambira.

Chenjezo langa ndi ili. Usadikire kuti kusamuka kutheke kaye kenaka Shakila abwere, ziwirizi zisamangiriridwe pamodzi. Asisita akawauze a kwawo kwa Shakila kuti iye akamva mutu waukulu, akayamba kuona chimbuuzi, nkhope ikatupa kapena akamva kupweteka pamwamba pa mimba, asadikire msonkhano wa banja, athamange naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo akafika iwe uli pantchito, vula yunifolomu, tuluka anthu akukuona, upite kunyumba, ngakhale tsiku limenelo likhale loti ukanawonjezera chiwerengero chako. Zidzakuwawa, ndikudziwa. Koma mwana wa Wadi akadzabadwa, iwe udzamve nkhaniyo kumudzi, ngati mwamuna wina aliyense.

Aphungu