Chikwama Chimene Ndinapeza Pansi pa Lona

Ngabu
16 Okutobala 2024

Okondedwa Achimwene Hilario,

Loweruka kunacha kotentha dzuwa lisanatuluke n'komwe. Kunalibe kamphepo, nyenje zinkalira m'mitengo, ngolo zikugogoda mumsewu wa kumsika. Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Ine thupi lili bwino, koma ndakwiya, ndipo ndilibe wina womuuza.

Bambo aang'ono a Kalisto anati atitenga pa pikapu yawo tikaone mvuu ndi mbalame ku Elephant Marsh. Chimwalirireni makolo athu sanatitengepo ngakhale popita kuchigayo. Ndinadabwa, koma mlongo wathu Evelesi anavina pabwalo. Tinakwera asanu: iwo, mayi aang'ono a Nancy, kamwana kawo Lucky, Evelesi ndi ine.

Tisanafike ku Bangula tinakhotera mumsewu wafumbi. Pakati pa tchire lamba wa injini anaduka, galimoto n'kuyamba kufuka nthunzi. Bambo aang'ono anapita pa kabaza kukafuna wina, koma anabwera chimanjamanja. Makaniko anati afika mawa lake.

"Tigona pompano," anatero akuseka. "Alendo akunja amachita kulipira kuti alumidwe ndi udzudzu umenewu. Inu mwaupeza waulere!"

Anandituma kutsitsa lona kuti timange msasa pamtengo wa masau. Pansi pake ndinapeza chikwama cha Evelesi. Munali zovala zake zonse, nsapato za kutchalitchi ndi bulangete. Yunifolomu ndi makope munalibe.

"Mayi, bulangete ndi la chiyani kutentha konseku?" ndinafunsa.

"Iwe Fanizo, maso akowo adzakupweteketsa. Manga lona," anayankha mayi aang'ono osandiyang'ana.

M'mawa ine ndi Evelesi tinayenda pansi mpaka m'mbali mwa dambo. Tinaona akakowa, asodzi m'mabwato ndi makutu a mvuu imodzi. Iye anati akalemba zonsezo m'chimangirizo cha Lolemba. Sindinamuuze za chikwama, Achimwene. Ndinkadzinamiza kuti mwina ndaganiza molakwa.

Pobwerera tinapeza mayi ena akutsika pa kabaza. Dzina lawo ndi a Clotilda, amagulitsa nsomba pamsika wa Bangula, ndipo ali ndi mapasa oyamwa.

"A Kalisto, ndakudikirani dzulo lonse!" anakuwa. "Mwana uja ndi uyu? Wachepatu. Amatha kubereka mwana kumsana?"

Apa zonse zinaululika. Bambo aang'ono anapangana ndi a Clotilda kuti tipatukire kwa mayiwo ngati tikupempha madzi akumwa, Evelesi n'kumusiya komweko akhale mlezi. Mvuu zinali zongotinyengerera. Lamba akanapanda kuduka, bwenzi atandiuza kuti watsalira yekha kocheza.

"Nanga sukulu? Ali mu Sitandade 8!" ndinatero.

"Ana a mkulu wanga ndi anga," anayankha bambo aang'ono. "Ukadzamanga yako nyumba udzalamula. Mangira katunduyo panjinga."

Achimwene, ndinamangira. Ndi manja angawa, ndipo ndinakoka chingwe mpaka chinalimba. Evelesi sanalire. Anangondifunsa kuti, "Unkadziwa?" Ndinayang'ana pansi. Zimenezi zikundiwawa kuposa zonse.

Aphunzitsi ake andiuza kuti kulembetsa mayina a mayeso kutha mwezi uno. Akapanda kuonekera, dzina lake lichotsedwa. Musaimbe foni, chifukwa bambo aang'ono akakuuzani kuti mwana ali kocheza. Bwerani nokha. Ndinu woyamba kubadwa, ndipo pamaso pa akuluakulu a banja mawu anu amveka. Anga amati ndi a mwana wa Fomu 3. Nyumba ya a Clotilda ndaifufuza kwa wakabaza uja, ili kuseri kwa msika. Ndidzakulondolerani.

Makaniko anafika Lamlungu masana. Tinabwerera ku Ngabu anthu anayi: bambo aang'ono, mayi aang'ono, Lucky ndi ine. Evelesi ali ku Bangula.

Mayi aang'ono andiona ndikulemba ndipo akuti ndikupatseni moni. Ndapereka. Moni wa Evelesi sindingakupatseni, chifukwa sanatsanzike munthu. Mukaumve nokha.

Ndine mng'ono wanu,
Fanizo