Maola Asanu a pa Tikiti ya Amayi

14 Okotobala

Okondedwa achemwali,

Ine mlongo wanu ndili bwino, makina anga akumetabe mitu ya mabwana okhaokha. Kaya inu ndi alamu, ndi kamwana katsopanoko, kamene ndamva kuti katengera mphuno yanga. Kachita mwayi.

Tikiti ya amayi munatumiza ija inafika. Paja amayi ankakana ndege, ati miyendo yawo yotupa ija singapirire. Ine, katswiri wa masamu m'banja muno, ndinaiwerenga: kunyamuka 9 koloko m'mawa, kufika 2 koloko masana. Ndinati, "Amayi, maola asanu basi. Mapemphero a kutchalitchi kwanu amatalika kuposa pamenepa." Anaseka, anavomera, n'kuyamba kusokera mdzukulu wawo timalaya.

Dzana kushopu kunabwera bambo wina wogulitsa matikiti a ndege. Ndikumumeta, ndinamuuza kuti mayi anga awoloka dziko lonse m'maola asanu. Anaseka mpaka ndinatsala pang'ono kumudula khutu. Akuti wotchi ya kwanuko imatsalira m'mbuyo ndi maola asanu ndi awiri, ndiye 2 koloko ija ndi yanu, si yathu. Ulendowo ndi wa maola khumi ndi awiri, makilomita pafupifupi zikwi khumi. Achemwali, dzuwa lanulo ulesi wotere linautengera kwa ndani?

Ndisaname, ndinaganiza zongokhala chete, amayi akazindikire ali m'mwamba, poti kumeneko kulibe siteji yotsikira. Koma lero m'mawa, ndikuwasisita mapazi ndi mafuta, zinandikanika. Ndinaulula.

Amayi sanadzutse mutu, ankasokerera batani.

"Khumi ndi awiri?"

"Inde, amayi."

"Pobadwa mlongo wakoyo ndinavutika masiku awiri, popanda wondipatsa ngakhale tiyi. M'ndegemo akuti amapatsa. Tandipatsira sizasiyo."

Ndiye akubwera. Chonde muwauze a ndegewo awapatse mpando wa m'mbali mwa kanjira kuti aziimirirako, ndipo pabwalo mukawachingamire ndi chikuku. Mapiritsi awo a kuthamanga kwa magazi amamwa 8 koloko ya kuno. Muwerengere nokha, ine masamu ndapuma pantchito.

Za ine musade nkhawa. Nyumba yonse ikhala yanga, wailesi ndiziikweza mpaka malata azivina. Dzulo ndinayeserera kuphika ndekha, ndipo mbale ndinatulutsa ziwiri, koma chimenecho n'chizolowezi chabe cha manja.

Moni kwa alamu, muwauze kuti tsitsi lawo la pachithunzi munatumiza chija ndawakhululukira. Kamwanako mukapsompsone pamphuno yathuyo. Pa tikiti yobwerera alembapo miyezi itatu. Imeneyo ndafunsa anthu atatu ophunzira, ndipo onse akuti miyezi ya kwanu ndi ya kuno ndi yofanana. Musawonjezerepo.

Ndine mlongo wanu,
Wometa Mabwana