Kumvera Kulibe Koma

Lolemba, 2 Okutobala 1972

M'dzina la Mulungu. Dzuwa loswa mtengo. M'nyumba zii, chimwalirire mayi wa ana.

Elliot mwana wanga, mtsogoleri wa achinyamata a chipani, akuyenda khomo ndi khomo kufunsa makhadi. A Mboni za Yehova akana kugula. Mwa iwo muli Gladys, mlongo wake. Papita zaka zisanu ndi chimodzi chimpitikitsire pakhomo pano, tsiku lija anasiya mpingo wathu. Ndinati asadzapondenso pano kufikira atalapa. Ndinalankhula monga mkulu wa mpingo, ndipo onse anandiyamika.

Lachinayi, 5

Utsi kumpoto, cha ku Khombedza. Nkhokwe ziwiri za a Mboni, atero odutsa.

Ndinamuitana Elliot. Anagwada bwino monga ndinamlera. Ndinayamba ndi mawu akuti, koma ndi mlongo wako. Anandiyankha mofatsa: "Bambo, si inu munkati kumvera kulibe koma?"

Indedi ndine. Akati koma ali mwana, ndinkathyola kamtengo. Ndinafuna amvere Mulungu; sindinaganize kuti khutu limenelo adzalibwereka ena.

Sabata, 8

Ndinatsogolera mapemphero. Palibe anatchula za utsi. Nanenso sindinatchule. Potuluka aliyense anandipatsa moni ndi manja awiri, nafulumira kwawo.

Lachiwiri, 17

Nyumba ya Gladys yapsa, Lachitatu lapitalo. Ine ndamva lero, kwa a Ahmad asodzi, Msilamu amene sindinadyepo naye mbale imodzi.

Mwamuna wake sadziwika kumene ali. Gladys anabisala masiku atatu m'bango kuseri kwa dimba langa, ali ndi mwana kumsana. Denga langa ankaliona. A Ahmad anamuuza alowe kwa atate wake, koma iye anati, "Anandiletsa, ndipo sindinalape." Pamenepo anamkweza m'boti mwawo, pansi pa makoka, namuolotsera ku Makanjira. Kuchokera uko, Mozambiki wapansi.

Ana anga awiri, onse omvera. Palibe mwa iwo anandichimwira.

Lachitatu, 18

Ndinapitanso kwa a Ahmad kukafunsa chimene ndinachita nacho manyazi dzulo. Mdzukulu wanga ndi wamkazi, wayamba kuyenda. Dzina lake Masiye. Amutcha chomwecho agogo ake ali moyo.

Inu a nyumba imene Gladys adzagogodako, sindikudziwani, kapena chimene mupembedza. Ambuye adalitse khomo lanu, ndi ana anu, ndi nkhokwe zanu. Musamufunse mafunso asanamwe madzi.