Amalume a mu Giredi 8

Mnkhanya,
Mambwe.
29 June.

Wokondedwa mwana wanga Onesmus,

Uli bwanji kumeneko ku Kabwe? Apongozi anga ndi ana ali bwanji? Chifuwa cha kamwana kaja chinatha? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwandilowa m'mawondo. Njovu zinabwera kawiri, koma zinapeza mapira titatuta kale. Kalatayi akundilembera a Becky, mlembi wa amayi kutchalitchi kwathu, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse. Pa foni sindingathe, mawu amandithawa ndisanafike pamutu wa nkhani.

Ine sukulu ndinangoilawa zaka ziwiri, koma taona zimene Mulungu anandichitira. Iwe umayendetsa sitima. Edith ndi nesi ku Petauke. Ruben amaonetsa alendo nyama ku Chinzombo, ndipo pano wagula njinga yamoto. Juliet, mzime wanga, ali chaka chomaliza ku koleji ya uphunzitsi. Ndikamawerenga mayina amenewa pamaso pa anthu sindiweramitsa mutu. Koma lero mmodzi wa inu ndamugwetsa ndekha.

Ukudziwa kuti a koleji anatumiza Juliet pasukulu yathu yomwe ino kuti ayesere kuphunzitsa temu yonse. Anamupatsa Giredi 8, ana 73 m'chipinda chimodzi, ena atatuatatu pa desiki. Pa 15 July kudzabwera mkulu wochokera ku koleji kudzakhala kumbuyo kwa kalasi ndi pepala. Akadzapeza phokoso, Juliet walephera, ndipo chaka chonsechi chapita m'madzi.

M'kalasi imeneyo muli Kondi, mdzukulu wa malemu mkulu wanga. Ukumbukira kuti alongo anga a Adamson atamwalira, banja linafuna woti alowe dzina lawo. Tinayamba iwe. Unakana, unati ntchito siingakulole kumabwera pa maliro alionse. Ndiye tinapatsa Kondi, ali ndi zaka 11. Kuchokera tsiku limenelo ine ndimamuti alongo, inu mumamuti amalume, ndipo Juliet akamamupatsa madzi amagwada. Pano ali ndi zaka 15.

Sabata yoyamba Juliet ankabwera mawu atasasa. Anati akatembenukira ku bolodi, kumbuyo wina amalira ngati mvuu, kalasi yonse n'kuphulika. Aphunzitsi amene akumuyang'anira, mayi Zimba, anamulangiza kuti asamakuwe, chifukwa ana 73 sungawapose mawu. Anati aloweze mayina awo onse, aziyenda pakati pa madesiki, ndipo akanena kuti achita chinthu azichitadi. Mwana wanga anajambula kalasi yonse papepala, desiki ndi desiki, n'kumaloweza uku akusenda nthochi. Zinayamba kuyenda.

Kenaka tsiku lina anauza Kondi kuti aimirire awerenge. Kondi anayankha ali chikhalire kuti mwana satuma malume ake. Anzake anamenya madesiki. Juliet anamuchenjeza kawiri, kachitatu anamutulutsa panja mpaka belu.

Madzulo ake Kondi anabwera kuno ndi mayi ake. Anati dzina la a Adamson laimitsidwa padzuwa ngati mbuzi. Onesmus, alongo anga aja ndi amene anakulerani bambo anu atatisiya. Nditamva dzina lawo sindinaganizenso. Sindinafunse n'komwe mbali ya Juliet. Ndinamulamula kuti agwire nkhuku, agwade pabwalo, apepese. Anandiyang'ana, nati amama, mukudziwa chimene mukuchita? Ndinati ndikudziwa. Anagwada.

Nyumba yathu ukuidziwa, ili panjira ya kumjigo. Atsikana a m'kalasi mwake anali pomwepo ndi zigubu zawo.

M'mawa mwake atalowa m'kalasi, anyamata akumbuyo anagwada pansi akuwomba m'manja, wina akulira ngati nkhuku. Kuyambira pamenepo akalankhula amamufunsa ngati amalume avomereza. Zonse zimene anamanga masabata atatu zinagwa tsiku limodzi. Kunyumba sanandinyoze. Amandiphikira, amanditungira madzi, koma mawu ake kwa ine ndi mwauka bwanji ndi mwaswera bwanji basi.

Lachinayi lapitali ndinalephera kupirira. Ndinatenga ndodo yanga n'kupita kusukulu cha m'ma 10, ndinakaima kuseri kwa windo. Phokoso linali ngati pamsika wa nsomba. Juliet sanakuwe. Anaika choko pansi, n'kuima pakati pa kalasi, manja kumbuyo, chete. Anaimabe choncho. Patapita nthawi atsikana akutsogolo anayamba kutontholetsa anzawo. Phokoso linatsika mzere ndi mzere mpaka linatsala pakona ya Kondi. Ndiye anapita kukaima pambali pake, namuuza motsitsa mawu kuti kunyumba adzapitiriza kumugwadira, koma muno ndi Kondi, ndipo atsegule buku.

Kondi ananyamuka n'kutuluka, anyamata asanu pambuyo pake. Pakhomo anakumana ndi ine. Anandifunsa mokweza, kuti onse amve, ngati ndaona mwano wa mwana wanga. Apa ndiye pamene ndikuchita napo manyazi kwambiri. Ndinangoti pepani alongo. Pakamwa panayankha pokha, monga panazolowera. Juliet anamva. Anatola choko chake n'kupitiriza phunziro, osayang'ananso ku windo.

Madzulo ndinamupeza akupinda zovala m'chikwama. Anati kuli bwino abwerere ku koleji ku Chipata yekha kusiyana n'kukalephera pamaso pa mkulu wa koleji. Ndinakhala pansi pakhomo pa chipinda chake, ndinati sindichoka. Pamenepo ndiye anandiuza chimene ine sindinkadziwa.

Anati wakhala akulemba nthawi imene Kondi amayambitsa phokoso, monga anamulangizira mayi Zimba. Pa masamu apakamwa amakhala phee, ndipo amayankha bwino. Phokoso limayamba mzere wowerenga ukamayandikira desiki yake. Kondi satha kuwerenga, Onesmus. Amagwira mawu amodziamodzi ngati mwana wa Giredi 3. Juliet anandifunsa kuti ndi masiku angati amene timamuchotsa m'kalasi kuti akakhale pampando pa maliro, pa milandu ya minda, pa zokambirana za maukwati. Ndinayamba kuwerenga ndi zala, ndinasiya. Anafunsanso kuti ndani pabanja pano anamukalipirapo chiyambire kulowa dzina. Palibe. Anati iye angathe kumuphunzitsa payekha akaweruka, popanda anzake kuona, koma sangaphunzitse munthu amene mayi ake omubala amamupepesa.

Tinasenzetsa mwana katundu wa munthu wamkulu, ndiye akubisala kuseri kwake. Ine ndi amene ndinatchula dzina lake pamsonkhano paja.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwera udzatenge dzina la amalume ako. Sindikunena kuti usiye ntchito. Maliro ang'onoang'ono Ruben adzakuimira, ndalankhula naye ndipo wavomera. Ngati ukuona kuti ndi lolemera, udzangolisunga mpaka Kondi atamaliza sukulu, banja lidzaonenso. Mayi ake a Kondi sakufuna kumva, akuti tikuwalanda ulemu, ndipo akulu ena ali mbali yawo. Akuti dzina silivulidwa ngati malaya. Ine ndekha sandimvera, poti ndine ndinalipereka. Koma iwe ndiwe unali woyamba kusankhidwa, ukalipempha pamaso pa onse sangakukanize.

Ine mbali yanga ndidzachita. Ndidzaimirira pamaso pa banja lonse, Kondi ali pomwepo, n'kunena kuti ndinalakwira Juliet. Sindinapepesepo mwana wanga chibadwire, koma ndidzatero.

Undiperekere moni kwa apongozi anga ndi adzukulu anga onse, uwauze kuti ambuye awo awasungira masau. Edith ndamutumizira uthenga. Mulungu akusunge panjanji pako, akupatsenso mtima wofewa pamene ukuwerenga izi.

Banja lidzakumana pakhomo panga Loweruka pa 12 July, 9 koloko m'mawa. Mkulu wa koleji akubwera Lachiwiri lake. Juliet wavomera kuphunzitsabe mpaka Lowerukalo. Wati ukapanda kutsika basi ya Lachisanu ku Mfuwe, iye adzakwera ya Lamulungu kubwerera ku Chipata.

Ndine mayi ako,
Esnati Mbao