Mawu Anu Ali pa Chimbale cha Lusubilo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Kaporo tilipo. Madzi anasefukira ngati kale, koma mpunga wapulumuka ndipo wayamba kucha. Ine ndili ndi mwana wamkazi tsopano. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanunso.

Nkhani yaikulu ndi ya Lusubilo, chitsirizira wanu. Paja akamaphunzira lipenga lake lija munkati, “Ng'ombe iyi yataya mwana wake kuti?” Lero ng'ombe yanu ija yatulutsa chimbale cha jazi. Musandifunse kuti ndi nyimbo zanji. Povina palibe, poyimba nawo palibe. Ng'oma za gule wathu wa mapenenga zimayamba bwinobwino, lipenga n'kuzisiya kuthamangira kwina, n'kukakumana nazo kutsogolo. Oimba anzake ku Lilongwe akuti zoterezi sanazimvepo, ati watsegula njira. Ine ndimangovomera, koma ndimanyadira.

Nyimbo imodzi ndiyo inatisowetsa mtendere. Mukukumbukira Lusubilo atakujambulani pa foni mukuinga mbalame kumunda, mukukoka chingwe cha zitini n'kumakuwa? Mawu anu aja wawaika m'nyimbo, inu mukukuwa, lipenga likukuyankhani. Sanapemphe chilolezo kwa bambo. Inu mukuwadziwa amuna anu. Chichokereni inu, ngakhale chitenje chanu salola munthu kuchikhudza. Lusubilo anachita kubwera yekha kudzapepesa, ndipo anandiuza kuti bambo akakana, chimbale chonse achichotsa pamsika.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi tinawaikira nyimboyo pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto atazolika, ine mtima uli m'mwamba. Itatha anamuyang'ana mnyamatayo n'kunena kuti, “Iwe, lipenga lakoli likuwasokoneza amako. Mbalame zithawa bwanji chonchi?” Tinaseka mpaka misozi, ngakhale ina sinali ya kuseka. Ndinakusowani kwambiri tsiku limenelo, Amayi. Kenako bambo anati, “Bwezanso.”

Chimbale chatsala pamsika. Koma tsopano m'mawa uliwonse bambo amanyamula kasipika kupita nako kumunda, n'kukakaika pachulu pamene munkaima paja, nyimbo yanu ija ikulira. Aliyense wodutsa amamuuza kuti mpheta zimakuopanibe. Ndapitako ndekha kukaona. Mpheta zikudya mpunga mosatekeseka, zina zikutera pafupi ndi kasipika komweko. Bambo ali pambali, akumwetulira.

Ndikukulonjezani kuti sindiwauza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tusekile