Mawaya a Njinga pa Gitala ya Malemu Bambo

Lachiwiri, Okutobala. Mtima ukundiwawa.

Pochokera kumunda ndapeza mkamwini wanga Fulaye atamanga mawaya a mabuleki a njinga pa gitala ya malemu bambo. Gitala imeneyi anawapatsa ndi ansembe ku Milanje. Inasemedwa pamanja ku Sipeyini, thabwa lake ndi lopyapyala, imafuna nsambo zofewa za nayiloni basi. Iye pokunga mawayawo, kamtengo kogwira nsambo kazuka, thabwa lang'ambika.

"Pepani amayi, ndimati izimveka patali kukwaya," akutero ali kuseri kwa nkhokwe.

Kukwaya! Akuyesa ndi banjo ya chigubu? Mmisiri amene anaisema sindimudziwa, koma ndamuchitira manyazi.

Fulaye ati mawa aikhoma ndi misomali. Misomali! Ndaikulunga m'chitenje, ndigona nayo pamphasa. Mudzi uno ndi wanga. Akangoikhudzanso, njira ya kwawo akuidziwa, ndipo ine...